Zikhomo za Benchi ya Dixon

"Bamulamu, palani iyi pulanga tione. Mukakangiwa, benchi tinyamula."

Anatero Moven, mng'ono wa malemu Dixon, wilibala ataimika kale pageti. Anthu a mu Kanyama anali atadzaza kumpanda.

Elesi anayang'ana benchi ya ukalipentala ya mwamuna wakeyo. Zikhomo zopanira thabwa popala zinasowa tsiku la maliro, mabowo anangoti yasa. Moven anamuponyera zake zachitsulo, zonyezimira.

Elesi anaika chimodzi m'bowo, chinagwedera ngati dzino la nkhalamba. Thabwa likaterereka, mpeni wa puleni uluma chitsulo n'kubenthuka, ndipo puleni ndi imodzi yomweyo.

"Mwayopa?" Moven anaseka.

Mayiyo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mopu. Zaka makumi awiri ankakalipira Dixon pomudulira mitengo ya mopu, ndipo mabowo onsewo bamboyo anaboola poyezera mtengo womwewo.

Elesi anacheka zidutswa ziwiri pamtengo wa mopu, nazikhoma m'mabowo ndi chikhato. Zinalowa gwa! Thabwa silinasunthenso.

Puleni inayenda, khungu la thabwa linapotana n'kugwera pansapato ya Moven.

"Chosaniko wilibala, mulamu," anatero Elesi. "Makasitoma bazapita pati?"