Anagulitsa Munda Moyambira Kuseri

Panali munthu wina, mlimi, amene anthu ankangomutcha Ndadziwakale chifukwa ukayamba kumuuza chinthu ankakudula pakamwa. Wandifotokozera nkhaniyi amagulitsa tomato pamsika umodzi ndi mkazi wa mkuluyu, ndiye musati ndikupeka.

Banjali linali ndi munda umodzi wokha, umene mkaziyo anasiyiridwa ndi malemu bambo ake. Tsiku lina kunabwera kapitawo wa kampani yokonza msewu. Anati pansi pa mundawo pali dothi lamiyala lija amathira mumsewu, ndipo anapempha kuti akumbe chilimwe chimodzi.

"Dothi lakuda lapamwambali tilipala, tiliunjike pambali," anatero kapitawo. "Tikatha kukumba tidzakwirira dzenje, n'kubwezera dothi lanu pamwamba mvula isanagwe. Inu ntchito yanu n'kusunga muluwo basi."

Mchimwene wake wa mkaziyo, amene anayendetsapo katapila, anamutengera Ndadziwakale pambali.

"Alamu, mulu umenewo ndiye mundawo. Pansipa ndi miyala yokhayokha. Pasachoke ngakhale wilibala imodzi."

"Zimenezo ndadziwa kale, alamu."

Katapila anapala, mulu unakwera mpaka kuposa denga la nyumba. Mkaziyo anadzala udzu ndi maungu mbali yoyang'ana kunyumba, n'kumathirira kuti mphepo isaulutse dothi. Akampani atatha kutuluta miyala anapita kukamaliza msewu, akuti abweranso kudzakwirira.

M'pamene kunatulukira mkulu wina wa lole, wodzala kapinga m'mabwalo a nyumba za anthu olemera m'tauni. Anafika mkaziyo ali kumsika. Anatapa dothi lija m'manja, n'kulinunkhiza.

"Madala, chuma chonsechi chikungokhala? Ndigulitseniko pang'ono chabe, kuseriku. Kutsogoloku sitikhudza, mayi sadziwa n'komwe."

Abale inu, munthu anavomera! Lole inabwera kamodzi, inabweranso, kenaka inazolowera njira. Tsiku lililonse la msika mkazi akangotuluka ndi dengu, kuseri kwa mulu mafosholo ali kalikiliki. Ukaima pakhonde unkaona phiri lobiriwira, maungu atayanga bwinobwino. Ukazungulira, munali mphako.

Tsiku limene Ndadziwakale anazungulira n'kuona bwino zimene zatsala, anathamangira foni yake. Anaimbira wa lole uja, foni osalowa. Anaimbanso, osalowa. Anayesa kutuluta dothi la pachulu ndi wilibala kuti atseke mphakoyo, koma zinali ngati kuthira madzi m'dengu.

Mitambo inayamba kusonkhana. Mkazi wake anakhala pamphasa akusankha mbewu, uku akuimba.

"Bambo a ana, chaka chino tikolola. Munda wapuma, dothi lapuma. Ndikaoneko ngati maungu ayanga mpaka kuseri kuja."

"Ayi, ayi, musapiteko! Ndaonako njoka yaikulu."

"Nanga bwanji simukudya masiku ano?"

"M'mimba chabe."

Munthu anaonda, lamba anaboola bowo lina. Akamva galimoto kumsewu ankathamangira kukasuzumira. Ndipo imvani izi: anthu ena amapemphera kuti akampani abwerere adzakwirire maenje awo, koma iyeyu ankapemphera kuti athawe, mlandu ukhale wawo.

Sanathawe. M'mawa wina katapila uyo, kapitawo ali pambuyo. Anakwirira dzenje lonse, anasalaza, anakonza ngalande yoti madzi azidutsa. Ntchito yaukhondo ndithu. Anthu oyandikana nawo anabwera kudzaonerera, mlamu uja aliponso.

"Tsopano dothi la amayi," anatero kapitawo.

"Bwana, bwanji mawa?" anatero Ndadziwakale. "Anyamata atopa."

"Mawa tili kwina, madala. Taonani kumwambaku."

Katapila anangogunda muluwo kamodzi. Phiri lonse linagwera m'kati, maungu ndi udzu womwe, fumbi kobo! Woyendetsa anazimitsa injini. Dothi limene linatsala silikanakwana ngakhale bwalo la pakhomo.

Mkaziyo anayenda pang'onopang'ono mpaka kuseri. Anaona njira imene matayala a lole anapanga, yosalala ngati msewu. Anabwerera n'kuima pamaso pa mwamuna wake.

"Bambo a ana, munda wa bambo anga uli kuti?"

Ndadziwakale anagwada pamiyala pomwepo, anaulula zonse. Mlamu uja anangogwira pakamwa. Ndadziwakale anatembenukira kwa kapitawo, misozi ili mbwembwembwe.

"Bwana, thandizeni. Simungapeze lina?"

"Ife timabwezera chimene tapeza," anatero kapitawo. "Miyala timakumba, msewu timakonza, koma dothi lakuda sitipanga."

Kutacha Ndadziwakale anakwera basi kupita m'tauni kukasaka wa lole uja. Anayenda mpanda ndi mpanda, akusuzumira m'mageti. Paliponse kapinga wobiriwira, madzi akuwaza, agalu atagona pamenepo. Sanadziwe kuti dothi lake ndi liti. Alonda ankangomuthamangitsa ngati wakuba.

Anafika kunyumba mvula yoyamba ikugwa. Madzi ofiira ankangothamanga pamwamba pa miyala, osalowa pansi. Kwa aneba anthu anali atatulutsa kale makasu. Mkazi wake anali pakhonde, ana atamuzungulira, dengu la mbewu lili pamiyendo. Sanakalipe. Ananyamuka, n'kumuikira dengulo m'manja.

"Mbewu ndi izi, ndinasankha ndekha. Bwererani komwe mwachokako mukadzale, poti n'kumene munasamutsira munda."

Mpaka lero pamalo paja pamamera zisoso zokha, ndipo banjalo limalima maganyu m'minda ya eni.

Phunziro: Ukalola kuti akumbe miyala m'munda mwako, mulu wa dothi lakuda uusamale ngati mwana, chifukwa miyala ikatha chimene udzadye chili mmenemo. Ndipo mlendo akakuuza kuti "mayi sadziwa n'komwe", dziwa kuti wabwera kudzakubera ndi manja ako omwe. Musaisunge mufoni nkhaniyi, tumizirani abale onse amene ali ndi minda m'mbali mwa msewu, katapila asanafike kwawo.