Kodi Bololo ndi Mwamuna?

Ahedi anamva phokosolo asanafike n'komwe pakhomo la kalasi ya ana aang'ono. Anali atangobwera kumene kuchokera ku maphunziro a sabata yonse, ndipo palibe anawauza kuti makolo aitanidwa. Anaima kuseri kwa chitseko n'kutchera khutu.

"Bololo ndi mwamuna!" Amene ankakuwayo anali makaniko, bambo a kamnyamata kena kosamva. "Liwu lake mumalimva? Mkazi wanji wolankhula ngati injini ya thirakitala?"

"Nanga nsidze zija?" anayankha a nesi, amayi a kamtsikana kolongolola. "Nanga nsapato zofiira? Inu munavalapo nsapato zofiira?"

Bololoyo Ahedi ankamudziwa. Kanali kachilombo ka m'katuni imene Madamu, mphunzitsi wa kalasiyo, ankaonetsa ana Lachisanu lililonse. Kamimba tuu, timiyendo ngati machesi, ndipo kankakhala m'tiyipoti yosweka limodzi ndi mnzake Tsokonombwe.

Ahedi anasuzumira pa mpata wa chitseko. Anthu a ndevu zawo, ena imvi mbuu, anali atadzipanikiza pa timipando ta ana, mawondo ali pachibwano. Wina wasiya odwala pa mzere, wina wasiya galimoto ya mwini ili miyendo m'mwamba, onse kudzafufuza zimene kachilombo kojambula kali nazo m'kabudula. Anthu omwewa ukawaitana kuti adzaone makope a ana awo, amati atanganidwa.

"Tiyeni tiyende bwinobwino," anatero a nesi, chala chili m'mwamba ngati ali m'khoti. "Tsokonombwe tonse tagwirizana kuti ndi mwamuna. Awiriwa amagona bedi limodzi. Poyenda amagwirana manja. Ndiye mukamati Bololo nayenso ndi mwamuna, mukutiuza chiyani?"

"Ndi mabwenzi basi! Ine ndakula ndikufunda bulangeti limodzi ndi achimwene anga. Tinakwatirana?"

"Achimwene anuwo ankakupsompsonani pamphumi pogona?"

Chipinda chonse chinaphulika. Ena ankaseka, ena ankamenya timatebulo. Mayi wina wa ku saluni anati mwina kachilomboko sikamuna sikakazi, ndipo mbali zonse ziwiri zinamutembenukira ngati watukwana.

Kungodya kunali bambo wachikulire, mkulu wa mpingo, amene ankalera mdzukulu. Iye sankaseka. Anangogwira ndodo yake, nkhope ili gwa. Ahedi anamuyang'anitsitsa. Nkhani zotere ankadziwa kumene zimathera. Lero ndi funso, mawa ndi ulaliki, mkuja ndi pa wailesi: sukulu yakutiyakuti ikuphunzitsa ana kuti amuna azigona bedi limodzi. Moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo tchire lake linali sukulu imene iwo anaiyamba ndi chipinda chimodzi chodontha. Ipse chifukwa cha mbuli izi?

Kutsogolo Madamu anali ataima ndi choko m'manja, akumwetulira ngati zonsezi n'zosangalatsa. Ameneyunso Ahedi sankamuwerengera. Kamtsikana ka dzulodzuloli, kodzadza nzeru za ku koleji, komakhala pansi ndi ana n'kumaimba nawo ngati nakonso n'kamwana. Aphunzitsi otere amapezeka tsiku lililonse. Mbiri ya sukulu ikagwa siidzuka.

Ahedi anakonza tayi, n'kukankha chitseko.

"Makolo olemekezeka," anayamba ndi liwu limene ankasungira anthu amene ankawanyoza kwambiri. "Zonse ndamva, ndipo musadzivutenso. Ine pano ndine kholo ngati inu nomwe. Zonyansa zimenezi nanenso zakhala zikundidya mumtima."

Katuniyo anali asanaionerepo mpaka kumapeto, koma mawu ankangotuluka okha. Anati Bololo ndi msampha wa anthu opanda makhalidwe. Anati kaya n'kamuna, kaya n'kakazi, kaya n'kachiyani, sikadzaonekanso pa sukulu pano iwo ali moyo.

"Ahedi, mwina ndifotokoze kaye..." anatero Madamu.

"Mwafotokoza zokwanira kwa ana a eni." Ahedi sanamuyang'ane n'komwe. Maso awo anali pa mkulu wa mpingo. "Tengani zanu. Ntchito yanu yathera pano."

Madamu anaika choko patebulo, anatenga chikwama chake, n'kutuluka osatseka chitseko. Nsapato zake zinamveka mpaka kugeti.

Ahedi anapinda manja pachifuwa, kudikira kuti nkhosa zawo ziyambe kuwomba m'manja. Anthu otere, anaganiza, umangowaponyera fupa.

Palibe anawomba. Makaniko anayang'ana a nesi, a nesi anayang'ana chitseko.

"Ahedi," anatero a nesi pang'onopang'ono, "ife timalimbirana kuti pa sewero la tsiku lotsekera sukulu, Bololo adzakhale mwana wanga wamkazi kapena mnyamata wa awa. Ana onse awiri akulirira malo amenewo."

Mkulu wa mpingo anadzuka movutikira. "Ndipo mdzukulu wanga ndiye Tsokonombwe. Ine ndi amene ndakhala ndikumulowezetsa mawu. Tsopano mwathamangitsa mwini sewero, mwanayo mukamuuza ndinu?"