Anyezi M'khwapa

Namwino anapana chala cha agogo ena aamuna ndi kachipangizo koyezera mpweya, n'kudikira. Manambala anayamba bwinobwino, kenako n'kumatsika. Atadzutsa mutu, anapeza agogo atatupitsa masaya ngati chule, maso ali tong'o.

"Agogo, pumani."

Agogo anapukusa mutu.

"Ndati pumani!"

Mpweya unatuluka kuti phuu, manambala n'kubwerera m'malo mwake.

Namwinoyu anzake ankamutcha Sefa, chifukwa ntchito yake kuchipinda cha odwala mwadzidzidzi inali yosefa anthu. Ankayeza kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, bipi ndi mpweya. Zotsatira za magazi zikabwera kuchokera ku labu, ankamanga kalamba padzanja la wodwala. Kofiira ndiye kuti thamangani naye. Kachikasu, ayambe wadikira. Kobiriwira, pitani kwanu mukapume. Tsiku limeneli mabedi anali atadzaza tho, koma agogowa, telala wopuma ntchito, anabwera atalongedza kale chikwama, mswachi ukusuzumira m'thumba la malaya. Chimene ankafuna n'kugonekedwa basi.

Sefa anatenga choyezera kutentha kwa thupi n'kukweza mkono wa agogo. Ayi ndithu, fungo lake lokhetsa misozi! Chibanthu cha anyezi chinagwa m'khwapa, n'kugubudukira pansi pa benchi.

"Si wanga ameneyo," anatero agogo, osaphethira n'komwe.

Winawake anali atawanamiza kuti anyezi m'khwapa amatenthetsa thupi. Thupilo linali lozizira bwino ngati la mwana wosamba kumene.

Apo agogo anapempha kuti akataye madzi. Posakhalitsa mayi wokolopa anabwera akuseka mpaka kutsamira mopu. Anati kuchimbudzi kuja kuli nkhalamba ikudumphadumpha, n'kumawerenga mokweza. Agogo anatulukira thukuta lili kamukamu, n'kupereka mkono okha kuti, "Tayezani mtimawu tsopano, a nesi, mumve nokha." Sefa anawakhazika pampando, n'kupita kukathandiza mnyamata wothyoka mwendo. Pobwerako mtima uja unali ukugunda mwaulemu wake.

Potenga magazi ndiye panali milandu.

"Mwalakwitsa mkono, a nesi. Kumanjaku kuli abwino okhaokha. Oipawo ali kumanzereku."

Sefa anangoluma mlomo kuti asaseke. Komabe mumtima anali atayamba kukwiya, chifukwa pakhomo panali pakulowa anthu odwaladi, ena atanyamulidwa pamachira.

Podikira zotsatira, agogo sanatseke pakamwa. Nkhani yawo inali imodzi: mayi akunyumba. Akuti akayamba kulongolola, wailesi imachita kuzima yokha ndi manyazi. Ukakhala chete, akuti wanyoza. Ukayankha, akuti wachita mwano. Ngakhale galu wapakhomo akuti anasamukira kwa aneba kukafuna mtendere. Odwala apabenchi anaseka mpaka wina wa m'mimba anapempha kuti agogo aleke, akumuwonjezera ululu.

Ohoo, ndi zimenezo! Sefa anagwedeza mutu. Azibambo otere anali atawaona ambirimbiri. Wina anabwera atagwira pachifuwa tsiku lomwe apongozi ake ankafika. Wina anakomoka dala atauzidwa kuti apente nyumba. Onsewo makina anawayalutsa, ndipo anabwerera kwawo ndi kalamba kobiriwira. Bedi ndi la odwala, si la amuna othawa pakamwa pa akazi awo.

Zotsatira zinafika. Dokotala anaziyang'ana n'kuimba kaluzu. Shuga ali bwino, impso zili bwino, mtima ulibe vuto. Anati akanakhala kuti magazi amabwerekana, iyeyo akanabwereka amenewa.

Sefa anatenga kalamba kobiriwira n'kukamanga padzanja la agogo, mfundo yake yolimba ndithu.

"Mwapambana mayeso onse, agogo. Nyamulani chikwama. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Bwererani kwa mayi, chipatala si kothawirako akazi."

Agogo anakayang'ana kalambako nthawi yaitali. Kenako anayankhula motsitsa mawu, ndipo ulendo uno sikunali kunamizira.

"Kuwathawa? Mwana wanga, mayiwo anzanu anawamanga kofiira dzana. Ali m'wodi yapamwambayi, kumene salola alendo. Kunyumba kuli zii, tulo sitikubwera. Ndimati mwina mukandigoneka, ndiziwamvako akukalipira anamwino."