Chitseko cha Firiji Yakufa

Chitseko chinagwa wokonza mafiriji ali chogwada m'kati mwa firiji, akumasula kapaipi ka pansi. Phi! Mdima wa ndiwe yani.

Poyamba anaseka. Firiji yogonayi inafa kalekale, inali itatha zaka ziwiri kuseri kwa nyumba yake, ndipo loko wake anachotsa yekha. Anakankha ndi dzanja limodzi, osasuntha. Anakankha ndi msana atalumira mano. Chitseko chinangoti nji.

Apa kuseka kunatha. Mahinjesi adzimbiri aja agwira, anaganiza choncho. Foni anaisiya pawindo. Mkazi wake anali atatsanzika kuti akupita kumsika ndi mwana, ndipo mayi ameneyu akalowa mumsika ndiye mpaka dzuwa lipendeke. Aneba onse anali kuntchito.

"Kuli anthu kunjako?"

Mawu anangomubwerera m'makutu. Mpweya unali wotentha, wonunkha nkhungu ndi labala wakale, ndipo ankaumva ukuchepa. Thukuta linali kamukamu. Bambo wamkulu, wandevu zake, anachita mantha ngati kamwana.

Mwezi watha kunabwera munthu wa kukhonsolo, nati lamulo likuti firiji yotayidwa izichotsedwa chitseko. "Mawa lomweli, bwana," anayankha iye mwaulemu wonse. Mawalo silinafike. Mkazi wake naye nyimbo inali yomweyo tsiku ndi tsiku, koma mwamuna anali ndi yankho lokonzeratu: firiji yopanda chitseko angagule ndani? Komanso loko palibe, ngakhale mwana akhoza kukankha n'kutuluka.

Lero nanga bwanji iye, mwini luso, akulephera?

Anapapasa pansi kufuna sipanala yoti amenyere khoma. Dzanja linagwira kanthu kofewa, kokhala ndi kalamba. Kansapato. Anakazindikira ndi zala zokha. Dzulo mwana wawo wa zaka zinayi anali ndi nsapato phazi limodzi, iye n'kumukalipira kuti ndi wosasamala. Mayi ake anangomukumbatira mwanayo, maso ali psuu.

Ndiye kuti kamwanako kanalowa muno. Mtima unamupweteka kuposa chifuwa chobanikacho. Anamenya chitseko ndi zibakera zonse ziwiri akulira, osatinso chifukwa cha moyo wake wokha. Akafera momwemu, firijiyi aichotsa chitseko ndani?

Mwadzidzidzi kulemera kunachoka pamwamba. Kuwala kunamubaya m'maso. Anatulutsa mutu akupuma mwawefuwefu, kansapato kali m'manja.

Mkazi wake anali ataima pomwepo, mwana ali pambali pake, akukonza chitenje chomwe chinakwinyika pokhala. Dengu la kumsika linali pansi, lopanda kanthu.

"Mahinjesi alibe vuto, bambo a mwana. Ndatseka ndine, n'kukhalapo. Ndangowerenga mpaka sikisite basi," anatero. "Dzulo mwana wanu atalowamo, pamwamba panalibe munthu, koma chitseko chinamukanika. Ndinamutulutsa atasiya kale kulira."

Kenako anamupatsa sikuludiraiva yomasulira mahinjesi.