Dzina Lotsala mu Memore

"Pulogalamuyi imasesa yokha chilichonse chimene yasiya kugwiritsa ntchito," anatero bwana, akuloza pakompyuta. "Nanga dzina ili likutaninso mu memore?"

"Ndaiimitsa ndi chida chofufuzira zolakwika," anayankha mayi wolemba mapulogalamuyo. "Nthawi yonse imene ndikuliyang'ana, silisesedwa."

Linali dzina lachikondi limene malemu mwamuna wake ankamuitana nalo. Mwamunayo ndiye analilemba pakompyuta yomweyo poyesa pulogalamuyo, tsiku lake lomaliza kuntchito. Masabata asanu anatha mayiyo osaizimitsa kompyutayo, poti ikazima zonse za mu memore zimafufutika, nkhomaliro akudyera pomwepo yekhayekha.

Lolemba m'mawa anapeza sikirini ili bii.

"Ndakuzimitsirani, achemwali," anatero wosesa mu ofesi, akumwetulira, tsache lili m'manja. "Imatentha mpaka kumvetsa chisoni. Nayonso izipumako."