Kazembe Wapatsidwa Njira

"Mukakumana ndi buluzi, musamugende, musamuthamangitse. Mupatseni njira," anatero wosamalira nyama, akusisita msana wa buluzi wamkulu amene anabwera naye kusukuluko m'bokosi. Kumalo osungira nyama ankamutchula kuti Kazembe, poti ndiye ankaimira abuluzi onse pamaso pa ana.

Abwana anali atanena mosabisa kuti ana akapanda kutolapo kanthu lero, maulendo a m'masukulu atha, ndipo iye abwerera kokatsuka makola.

Kazembe ankafatsa pa chifukwa chimodzi chokha: m'mawa thupi lake limakhala lozizira. Koma aphunzitsi aakulu anapempha kuti mlendoyo aikidwe patebulo la pawindo, aliyense amuone, iwo akuthokoza. Anathokoza, nathokozanso. Dzuwa linafika pamsana pa Kazembe, mpaka kumchira.

Kazembe anadzutsa mutu, natsika patebulo, ulendo wa kukhomo.

"Mugwireni! Tsekani chitseko!" anakuwa wosamalira uja, atapanikizika pakati pa madesiki.

Ana anapatuka mwaulemu, ena uku, ena uko. Kamtsikana kokhala pakhomo kanakankha chitseko kuti chitseguke bwino.

"Iwe, bwanji osatseka?"

"Mwati tizimupatsa njira, amalume."

Mchira unalowa m'udzu wa kuseri kwa bwalo, osaonekanso.

Aphunzitsi aakulu anamugwira chanza mwamphamvu. "Achimwene, ana awa ndakalamba nawo, koma sanandimverepo chonchi. Ndiwauza abwana anu lero lomwe."

"Musadzivute," anatero wosamalira nyama, akutseka mosamala bokosi lopanda kanthu.