Ruweida Ali ku Cape Town

Ruweida anatsekera nkhuku zonse m'khitchini, tambala n'kumuvundikira ndi dengu, kenako anakapempha bambo ake, a Latif, kuti azimitse wailesi ya m'golosale.

"Kwayambika ku Cape Town?" anafunsa a Latif, maso ali pa sikelo ya shuga.

"Kwayambika, bambo."

Wailesi inazima. Pakhomopo anali atazolowera. Mwana wawo akatsegula laputopu m'kachipinda ka kuseri kwa golosale, pa boma pa Neno pomwe pano, banja lonse linkasamukira ku Cape Town, ndi mbuzi zomwe.

Ku Cape Townko Ruweida anakhalakodi, si bodza. Kampani ya ku London imene ankaigwirira ntchito pa intaneti, yoyankha madandaulo a makasitomala, inkalipira munthu potengera kudula kwa zinthu kumene akukhala. Ndiye mtsikana anapita atanyamula mapewa. Koma abale, lendi! Malipiro ankatha asanatenthe n'komwe m'manja. Kachipinda kake kanali koti ukatambasula miyendo, chitseko chinkatseguka chokha. Bonongwe amene kuno timangomupondaponda, kumeneko ofanana naye ankamukulunga m'pulasitiki ngati mankhwala. Atayamba kugonera tiyi wopanda chomwera, ananyamula chikwama chake n'kubwerera kwawo mwakachetechete. Kampani sanaiuze. Aiuze kuti imudule malipiro? Aaa, ayi ndithu.

Koma lero madzi anali atafika m'khosi. Bwana wake, a Benedict a ku ofesi ya ku London, anali ataitanitsa msonkhano wa awiri okha. Misonkhano ya kampaniyi inali ya mawu basi, yopanda kamera, moti Ruweida bwana wakeyo ankangomudziwa ndi Chingerezi chake cha m'mphuno.

A Benedict anayamba ndi madandaulo. Akuti ku London kukuzizira koopsa, sitima yakwera mtengo, ndipo dzira likugulidwa ngati kuti nkhuku zake zinapita ku yunivesite. Ruweida anaseka pamene panafunika kuseka.

Kenako mawu anauma. Kampani yamva kuti ogwira ntchito ena akunama za kumene akukhala. Akulandira malipiro a m'mizinda yodula, eni ake ali phee kumudzi. Kumeneko ndi kuba. Wopezeka, ntchito ithera pomwepo.

"Inuyo muli ku Cape Town, si choncho?" anafunsa m'Chingerezi chomwecho.

"Inde, bwana."

"Kunja kuli bwanji lero?"

"Kamphepo ka kunyanja, bwana," anayankha Ruweida, thukuta lili kamukamu, malata akuthetheka ndi dzuwa pamwamba pake. Mantha anamugwira zenizeni. Ntchito imeneyi ikanatha, kunalibe ina yoti n'kuipeza kuno.

Apo ndi pamene mayi wina anadutsa pawindo penipeni, beseni la mbatata ya kachewere lili pamutu.

"Kachewereee! Kachewere wa ku Dambe!"

Ruweida anadumphira batani lotsekera mawu, koma anachedwa. Mawu a mayi uja anali oti ngakhale munthu wogontha akhoza kufunsa mtengo.



Basi, zatha, anatero Ruweida mumtima. Anadziona ataima kuseri kwa kauntala ya bambo ake, akudula sopo wa mtanda mpaka kukalamba. Kunja mayi uja ankapitirira ndi malonda ake kutsetserekera kumunsi kwa msewu, mawu akuchepa pang'onopang'ono mpaka kuzimiririka.

"Chimene chija n'chiyani?" anafunsa a Benedict mozizira.

Ruweida anatsegula batani. "Ndi wailesi ya aneba, bwana."

"Wailesi. Chabwino. Nkhaniyi ndiyenera kukaitula kwa akuluakulu, mukudziwa inunso kuti chilungamo..." Anaima. "Tadikirani pang'ono, pali wina akugogoda."

Ruweida anadikira, manja ali m'masaya. Ndiye anawamvanso mawu aja, "Kachewereee!", okwera bwinobwino. Anasuzumira pawindo. Pamsewu panalibe munthu. Mawuwo ankachokera mu laputopu.

Kenako ku London kunamveka windo likutseguka, ndi mawu a a Benedict m'Chichewa chosapita m'mbali:

"Mayi a kachewere, taimani pomwepo! Koma lero musandiikire wofumbwa ngati wa dzulo uja."